Miono Yosaoneka Ikola Ngalawa ku Britain

Mono ndi ciwiya cimene aliyense wokulira m'mphepete mwa Luangwa, Lutembwe kapena m'madambo a kwathu acidziwa bwino. Ulukidwa ndi nsungwi kapena bango, uli ndi pakamwa pamene nsomba ilowera mosabvuta koma sikhoza kutulukirapo, ndipo mwini wace auchera madzulo ndi kukauonjola m'mamawa. Nkobvuta kuganiza kuti ciwiya cofatsa cotere cingaike moyo wa munthu pa ngozi. Koma ku Britain, dziko lozingidwa ndi nyanja ya mcere, miono yautsa mkangano umene watenga zaka zambiri, mpaka madandaulo ace anafika ku Nyumba ya Malamulo ya ku London.

Mono weni-weniwo, umene ukhala pansi pa madzi, sulakwira munthu. Mlandu uli pa cingwe cace, ndi pa kanthu koyandama kamene msodzi amangirira ku nsonga ya cingweco kuti adziwe pamene anachera. Kanthu kameneka kakakhala kakang'ono, kakuda ndi kopanda dzina la mwini, kasanduka msampha wa anthu oyenda ndi maboti. Lero tifuna kuti awerengi athu amve m'mene bvutoli liyambira, cimene maiko ena acitapo, ndi cifukwa cace cizindikiro cooneka bwino cithandiza msodzi mwini wace monga momwe cithandizira wapaulendo.

ENI MADZI NDI AWIRI

Nkhani ino ikhudza anthu a magulu awiri amene agawana madzi a m'mbali mwa Britain. Oyamba ndi asodzi, amene nyanja ndiyo munda wao. Aciwiri ndi anthu zikwi-zikwi okhala ndi maboti ao-ao oyendera mongosangalala. Awa ndi aphunzitsi, amakaniko, madokotala ndi akulu-akulu opuma pa nchito, amene pa Ciweru ndi pa Sondo, makamaka m'miyezi yofunda ya May kufika September, atenga mabanja ao ndi kupita kukayenda pa madzi. Ena ali ndi ngalawa za matanga zoyenda ndi mphepo, zokhalanso ndi injini yaing'ono yolowera ndi kutulukira pa doko. Ena ali ndi maboti a injini yokha.

Asodzi aja sachera miono kufuna nsomba za mamba monga ticitira ife. Afuna nkhanu zazikulu za m'nyanja, ndiponso nyama ina ya mtundu wa nkhanu yochedwa lobster, imene iri ndi thupi lalitali, mcira wodzala mnofu ndi manja awiri akulu opanira. Ikakhala yamoyo ioneka yakuda mobiriwira, ikaphikidwa ifiira psuu. Ndi ndiwo ya mtengo wapatali m'mahotela a ku Europe. Doko la Bridlington, kum'mawa kwa England, lichuka kuti ndilo lilandira lobster zambiri kuposa madoko ena a ku Europe, ndipo zambiri za izo zitumizidwa zamoyo ku France ndi ku Spain. Mabanja ambiri a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Cornwall kum'mwera kufikira ku zisumbu za Scotland kumpoto, adya ndi kulera ana ndi ndalama za miono.

Mono wao ndi wa zitsulo zokutidwa ndi ukonde, wolemera kuti mafunde asaugubuduze, ndipo m'kati aikamo nyambo ya nsomba. Msodzi wa malonda sachera umodzi-umodzi. Amanga miono makumi angapo pa cingwe cimodzi cacitali cogona pansi pa nyanja, ndipo ku nsonga ziwiri za mndandandawo kucokera zingwe zina zokwera pamwamba pa madzi, pamene pakhala coyandama. Boti limodzi likhoza kukhala ndi miono mazana angapo m'madzi nthawi imodzi. Motero m'nyengo yofunda, pamene a maboti osangalalira aculuka, ndi pamenenso zingwe ziculuka.

CINGWE COTSALIRA

Kuti timvetse ngoziyi tiyenera kudziwa khalidwe la nyanja ya mcere, limene lisiyana ndi la Kariba kapena Bangweulu. Kumeneko madzi akwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, kaamba ka kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. M'malo ena kusiyana kwace nkwakukulu zedi. Ku Bristol Channel madzi akhoza kukwera mamita oposa 12 m'maola 6 okha. Msodzi ayenera kudula cingwe cokwanira pa nthawi imene madzi adzala, apo ai coyandama cace cidzamira. Madzi akatsika, cingwe cimeneco citsalira.

Kale zingwe zinali za ulusi wa zomera monga khonje, ndipo zikanyowa zinali kumira. Masiku ano cingwe cotsika mtengo cimene ambiri agula ndi ca pulasitiki yochedwa polypropylene, imene ipepuka kuposa madzi. Cotsalira cija sicimira. Cigona cotambasuka pamwamba, mwina mamita ambiri kucokera pa coyandama, ndipo mafunde acibisa. Woyendetsa boti aona coyandama, acilambalala bwino-bwino, osadziwa kuti alikuoloka pa cingwe. Ciripo cingwe cina cokhala ndi mtobvu m'kati cimene cimira cokha, ndipo asodzi ena amangirira kacitsulo pakati pa cingwe kuti cotsalira cizimira, koma zonsezi zifuna ndalama ndi nthawi.

Kuonjezera apo, madzi pokwera ndi potsika athamanga ngati mtsinje wa m'dzinja, makamaka pa nsonga za mtunda zolowa m'nyanja. Mphamvu yace ikoka coyandama cacing'ono ndi kucimiza, cikhala pansi kwa maola angapo, ndi kutumphukanso madzi akadekha. Pa nthawi imeneyo palibe diso limene lingacione.

ZIZINDIKIRO ZOTOLA PA DZALA

Coyandama coyenera ndi cacikulu, ca mtundu wowala monga wofiira kapena wacikasu, ndipo asodzi osamala aonjezerapo ndodo yaitali yokhala ndi mbendera. Koma a maboti akhala akudandaula kuti pa madzi apezapo zinthu zotola pa dzala: mabotolo a mkaka a pulasitiki, zigubu zakale za mafuta a injini, ngakhale mipira yopondera yokulungidwa m'ukonde. Zambiri nzakuda, zobiriwira kapena zotuwa, mitundu yofanana ndi ya madzi omwe. Zikakhalitsa m'madzi zimera ndere ndi kulemera. Usiku, pa nkhungu, kapena dzuwa likapendeka ndi kuthobwa m'maso, munthu aziona atafika kale pomwepo.

Tisafulumire kuweruza asodzi. Coyandama cabwino cigulidwa ndi ndalama, ndipo zombo zazikulu ndi mphepo ya mkuntho zicidula kawiri-kawiri. Munthu amene wataya zingapo m'nyengo imodzi ayamba kuyang'ana ku cigubu. Ena aopa akuba, pakuti mbendera yooneka patali iitananso mbala yodzaonjola miono ya eni usiku. Ndipo si onse ochera miono amene ali asodzi a malonda. Alipo anthu ochera iwiri kapena itatu kufuna ndiwo ya pa nyumba, amene sadziwa mwambo wa nchitoyi, nachera pakati peni-peni pa njira yolowera pa doko.

CIMENE CICITIKA CINGWE CIKAKOLA

Boti la injini likankhidwa ndi pulopela, ndiwo mapiko a citsulo amene azungulira mofulumira kwambiri pansi pa madzi kumbuyo kwa boti. Amai amene citenje cao cinakodwapo m'masipoko a njinga adziwa kufulumira kwa zinthu zotere. Pulopela ikangokhudza cingwe, icikulunga pa citsulo cace nthawi yomweyo, ndipo injini izima. Nthawi zina mphamvu ya kukokako ipinda citsuloco, ithyola magiya, kapena isuntha injini pa malo pace ndi kutsegula mpata wolowera madzi. Cingwe ca pulasitiki cikapekesana ndi citsulo citentha ndi kusungunuka, ndipo cikazizira ciuma gwa, cosadulika msanga ndi mpeni. Ngalawa ya matanga nayonso sipulumuka ngakhale injini iri yozima, pakuti cingwe cikhoza kulowa pa tsigiro, thabwa lija lokhotetsera ngalawa, ndipo woyendetsa apeza kuti ciongolero cakana.

Kuzima kwa injini ndi ciyambi cabe. Kumbukirani kuti nsonga ina ya cingweco iri pa mndandanda wa miono yolemera pansi pa nyanja. Boti tsopano lamangidwa ngati mbuzi pa cikhomo, ndiponso lamangidwa cakumbuyo. Boti liri lonse lipangidwa kuti lilandire mafunde ndi mutu wace, umene uli wosongoka ndi wokwera. Kumbuyo nkotsika ndi kotakata. Likagwidwa cakumbuyo, madzi othamanga alitembenuza kuti lifulatire kumene acokera, ndipo mafunde ayamba kuthira madzi m'kati. Boti laling'ono losabvundikira pamwamba likhoza kudzala ndi kumira. Cingwe cikaduka, bvuto lingosintha mtundu. Boti lopanda injini liyamba kutengedwa ndi madzi, ndipo popeza miono icheredwa pafupi ndi miyala kumene nkhanu zikhala, miyalayo sikhala patali.

Pamenepo mwini boti, poona ana ace alikulira, aganiza zotenga mpeni ndi kulumphira m'madzi. Apa ndi pamene ngozi ya katundu ikhoza kusanduka maliro. Madzi a nyanja za Britain akhala pafupi ndi madigiri 12, ndipo anthu opulumutsa acenjeza kuti madzi osafika madigiri 15 adzidzimutsa thupi. Munthu apuma mwabefu mosafuna ndi kumwa madzi, ngakhale akhale katswiri wosambira. Pamwamba pa mutu wace pali boti lolemera limene likwera ndi kutsika ndi mafunde, ndipo cingwe cimene afuna kudula cikhoza kumkola iye mwini.

Malo amodzi ochuka pa ngozi zotere ndi Portland Bill, nsonga ya miyala yolowa m'nyanja m'cigawo ca Dorset, kum'mwera kwa England. Kutsogolo kwace madzi othamanga akomana ndi kuwira ngati mphika wa pa moto, kotero kuti maboti ang'ono aopa kupitapo. Pakati pa madzi owirawo ndi gombe pali kanjira kopapatiza ka madzi odekhako, ndipo a maboti ang'ono adzera m'menemo, pafupi kwambiri ndi mtunda. Tsono m'kanjira komweko ndimo mucheredwa miono, ndipo madzi othamanga amiza zoyandama zace. Mabuku a malangizo a oyenda pa nyanja acenjeza za malowa, nati munthu asadzerepo usiku. Boti likakodwa pamenepo, mbali ina kuli miyala, mbali ina kuli madzi owira.

Amene athamangira kukathandiza ndi a bungwe la Royal National Lifeboat Institution, kapena kuti RNLI mwacidule. Linakhazikitsidwa mu 1824, ndipo liri ndi malo 238 osungirako maboti opulumutsira ku Britain ndi ku Ireland. Mu 2024, pokumbukira zaka 200 za nchito yace, linalengeza kuti lapulumutsa anthu oposa 146,000. Liyenda ndi mphatso za anthu, ndipo ambiri a iwo okwera m'maboti ace ndi odzipereka osalandira malipiro, amene asiya nchito kapena tulo akaitanidwa. Boti lopulumutsira limene lapita kukakoka ngalawa yokodwa m'cingwe silipezeka pa doko ngati ngozi ina yagwa kwina pa ola lomwelo.

LAMULO LOLIMBA KUTALI, LOFOOKA PAFUPI

Kwathu kuno munthu wokumba mbuna ya nyama anali kudziwitsa mudzi, ndipo wina akagweramo, mwini mbuna anali kudziwika ndi kukayankha pa bwalo. Cimene cinapweteka mtima a maboti a ku Britain ndi cakuti cigubu copanda dzina ciribe woyankha mlandu.

Malamulo analipo, koma anali kugwira kolakwika. Pa nyanja mtunda uyesedwa ndi mailosi a pa nyanja, ndipo imodzi ndi mamita 1,852. Lamulo la European Union la mu 2011, pamene Britain anali akali m'bungwelo, linati kunja kwa mailosi 12 kucokera ku gombe, ndiwo makilomita 22, nsonga za maukonde ndi za miono zikhale ndi ndodo, mbendera ndi nyali. Nsonga ya kumadzulo ikhale ndi mbendera ziwiri, ya kum'mawa imodzi, kuti wodzera pamenepo adziwe mbali imene ukonde wagona. Koma maboti osangalalira ambiri ayenda pafupi ndi mtunda, kumene miono yambiri iri, ndipo kumeneko lamulo la mbendera ndi nyali silinali kufika. Ku England, kuyambira mu 2011, usodzi wa m'madzi ofika mailosi 6 uyang'aniridwa ndi mabungwe 10 a m'zigawo ochedwa Inshore Fisheries and Conservation Authorities, ndipo liri lonse lilemba malamulo ace-ace. Cimene cifunika m'cigawo cimodzi cikhoza kusiyana ndi ca m'cigawo coyandikana naco.

Mu 2017 bungwe la eni ngalawa lochedwa Cruising Association, limene linayamba mu 1908, linati zakwana. Mkulu wolemekezeka wa bungweli pa nthawi imeneyo anali Sir Robin Knox-Johnston, munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi yekha m'ngalawa ya matanga osaima pa doko, ulendo umene anautsiriza mu 1969. Bungweli linalemba cikalata ca madandaulo cakuti anthu asainepo. Mwambo wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain ndi wakuti cikalata cotere cikasainidwa ndi anthu 10,000, Boma liyenera kuyankha. Cikalata coyamba cinatsekedwa pa njira cifukwa Nyumbayo inamasulidwa pokonzekera masankho a mu June 2017. Anayambanso, ndipo caciwiri cinapitirira anthu 10,000 mu 2018.

Nkofunika kudziwa kuti iwo sanapemphe kuti miono iletsedwe. Anapempha kuti zoyandama zizioneka ndi kudziwika mwini wace, ndi kuti onse okhudzidwa akhale pansi. Boma linayankha, ndipo pambuyo pace nthambi yace yoona za citetezo ca pa nyanja, Maritime and Coastguard Agency, inasonkhanitsa oimira asodzi ndi oimira a maboti kuti akambirane. Bungwe lina lakale, Royal Yachting Association, limene linayamba mu 1875, lipempha aliyense wokodwa m'cingwe kuti alembe lipoti, pakuti ambiri akadzimasula okha apita kwao osauza munthu, ndipo mlandu wopanda mboni subvuta kuukana.

SCOTLAND NDI MAINE

Amene anayamba kusuntha ndi Scotland, dziko la kumpoto limene lidzipangira lokha malamulo a usodzi wa m'madzi ace. Mu June 2020 linakhazikitsa lamulo lakuti miono isonyezedwe ndi coyandama copangidwira nchito yomweyo. Mabotolo a mkaka ndi mipira ya m'ukonde zinaletsedwa, ndipo msodzi wa laisensi ayenera kulemba nambala ya boti lace pa coyandama. Amene analimbikitsa lamuloli sanali a maboti osangalalira okha ai. Kunali mkangano wakale pakati pa asodzi a miono ndi asodzi a zombo zokoka makoka pansi pa nyanja, zimene zinali kuguza miono ndi kuiononga. Wa makoka anali kukhoza kunena kuti sanaone kanthu, ndipo wa miono analibe cosonyeza kuti katundu woonongekayo ndi wace. Nambala ya pa coyandama ithandiza pa milandu yotere. Zaka zitatu m'mbuyo mwace, mu 2017, Scotland anaikanso malire kwa ochera opanda laisensi: lobster imodzi ndi nkhanu 5 pa tsiku, ndipo saloledwa kugulitsa.

Tsidya lina la nyanja ya Atlantic, m'cigawo ca Maine ku America, mwambo wotere ndi wakale. Msodzi aliyense wa laisensi ali ndi mitundu yace ya utoto yolembedwa ku Boma. Aipaka pa zoyandama zace zonse ndi kuionetsanso pa boti lace, kotero kuti munthu woima patali adziwa ngati boti lirikuonjola miono yace kapena ya wina. Coyandama ciri ndi nambala, mono uli wonse uli ndi kacizindikiro ka Boma, ndipo msodzi mmodzi saloledwa kupitirira miono 800. Wogwidwa akuseweretsa miono ya mnzace akhoza kulandidwa laisensi. Maboti akodwabe ku Maine, cifukwa zoyandama nzoculuka ngati maungu m'munda, koma zioneka, ndipo cikabvuta mwini wace apezeka.

MSODZI NAYE ATAYA

Boti likakola cingwe, mwini boti alipira makaniko, koma msodzi naye agona ndi cisoni. Cingwe cikaduka, miono itsala pansi popanda cosonyeza, ndipo ndalama zimene anagulira zamira. Coipa cina ncakuti mono wotayika suleka nchito. Nkhanu ilowa, ifera momwemo, isanduka nyambo ya inzace, ndipo zipitirira motero kwa miyezi kapena zaka popanda wodya. Ndico cifukwa cace ku Maine lamulo lifuna kuti mono ukhale ndi kacitseko komangidwa ndi zinthu zimene ziola kapena kudyeka ndi dzimbiri, kuti ukatayika udzatseguke wokha.

Mu 2022 akatswiri a ku Australia, atafunsa asodzi 451 a m'maiko 7, anawerengera kuti caka ciri conse miono ndi misampha ina yotere yoposa 25 miliyoni itayika m'nyanja za dziko lapansi. Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, FAO, linali litaona kale bvutoli. Mu July 2018, pa msonkhano wa ku Rome, maiko anabvomereza malangizo a kaikidwe ka zizindikiro pa zipangizo za usodzi. Malangizowo sakakamiza dziko liri lonse, koma mfundo zace nzomveka: cipangizo cionetse pamene ciri, ndipo cionetse mwini wace.

WOYENDETSA BOTI ALI NDI MBALI YACE

Sitinganene kuti mlandu wonse uli kwa asodzi. Malamulo a maiko onse oletsa kugundana kwa zombo, amene anapanganidwa mu 1972, anena kuti combo ciri conse cikhale ndi munthu woyang'anira ndi maso ndi makutu nthawi zonse. Masiku ano maboti ambiri ali ndi makina a GPS ndi ciongolero codziyendetsa cokha, ndipo munthu akhoza kuwasiyira nchito ndi kukhala pansi kumwa tiyi. Makinawo adziwa pamene pali miyala yolembedwa pa mapu, koma sadziwa za cigubu cimene cinaponyedwa dzulo.

Ozolowera nyanja aphunzitsa zinthu zingapo. Coyandama citengedwa ndi madzi kunka kumunsi, ndipo cingwe cace citsalira kumtunda kumene madzi acokera, motero wanzeru adzera kumunsi kwace ndi kusiya mpata waukulu. Zoyandama ziwiri zikayandikana, asapite pakati, pakuti kawiri-kawiri pali cingwe cozilumikiza. Usiku ndi bwino kutalikira nsonga za miyala ngakhale ulendo utalike. Akamva kuti boti lagwidwa, acotse giya nthawi yomweyo, onse abvale majekete oyandamitsa, ndipo aitane thandizo pa wailesi ya boti, pa nambala 16 imene isungidwira ngozi, asanaganize zolowa m'madzi. Ena aika timipeni tozungulira pa citsulo ca pulopela kuti tizidula cingwe, ndipo tithandiza ndithu, ngakhale kuti cingwe cacikulu citigonjetsa. Ngati kudula cingwe ndiyo njira yokha yopulumukira, munthu waulemu amangirira coyandama cina ku nsonga yotsalayo ndi kudziwitsa a pa doko, kuti msodzi akapeze katundu wace.

NANGA KWATHU KUNO?

Zambia alibe nyanja ya mcere, ndipo madzi athu sakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Komabe akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Pa nyanja ya Kariba, imene inabadwa khoma lace litatha kumangidwa mu 1959, maboti a alendo ocokera ku Siavonga ndi a anthu owedza mongosangalala ayenda pa madzi omwewo amene asodzi achera maukonde, ndipo coyandama cimene ambiri agwiritsa nchito ndi botolo la pulasitiki. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, mtundu wina wa nkhanu wocokera ku Australia wafalikira m'Kariba ndi m'Kafue, ndipo anthu aukola ndi misampha yomangidwa pa zingwe. Pa Bangweulu ndi pa Mweru maboti a injini anyamula anthu ndi katundu kudutsa m'malo a maukonde. Madzi athu sazizira ngati a ku Britain, koma wolumphira m'Kariba kuti akamasule pulopela alowa m'nyumba ya ng'ona.

Maboti a kapenta aoneka patali usiku cifukwa ca nyali zao zoitanira nsomba. Ukonde ndi msampha ziribe nyali, motero zifuna mwini wace aziganizire. Cigubu cacikulu copakidwa utoto wofiira kapena wacikasu, dzina kapena nambala yolembedwa pa ico, kansalu pa ndodo, ndi kamwala komangirira pa cingwe kuti cotsalira cimire, zonsezi sizifuna ndalama zambiri.

Lole ikafa usiku pa msewu wa Great East, dalaivala athyola nthambi ndi kuziyala pa msewu kutsogolo ndi kumbuyo. Acita zimenezi kuti basi yodzala ndi anthu isamgunde, ndiponso kuti lole yace ndi katundu wace zifike m'mawa ziri bwino. Msodzi amene asonyeza bwino pamene anachera acita cimodzi-modzi, ndipo woyendetsa boti amene waona cizindikiro ayenera kucepetsa liwiro ndi kulambalala, pokumbukira kuti pansi pa madzipo pali cakudya ca ana a mnzace.